Mutu 5: Lero Musayatse Mbaula

1. Phiri la chipere

Nyengo ya chisanu ya chaka chino inabwera chimanjamanja. Kuzizira kokha kunalipo, kogweditsa mano, koma chipale chofewa ayi. Pofika Febuluwale, phiri lathu la Baldy, limene zaka zonse limayera mbee mpaka m'munsi, linali ndi timawanga apa ndi apo ngati mutu wa mwana wa chipere.

Ine Shaylee nkhani sizindidutsa. Amayi amati makutu anga anayamba ntchito mano asanamere. Akandituma kusitolo ya Mayi DeAnn ndimachedwa dala pa shelefu ya buledi, chifukwa azibambo oweta ng'ombe amamwera khofi pafupi pomwepo.

Masiku amenewo nkhani yawo inali imodzi basi. Phiri likapanda kusunga chipale, damu silidzaza. Damu likapanda kudzaza, ngalande zimauma chilimwe chisanafike pakati, udzu sukula, ndipo ng'ombe sizidya miyala.

Pa shelefu yomweyo mpamene ndinamva za Kenna.

Kenna ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Tinayamba limodzi sukulu, tinaboola makutu tsiku limodzi, ndipo mayeso a masamu tinalephera mofanana ndendende chifukwa tinakoperana. Amakhala ndi amayi ake pa famu ya agogo ake aamuna, a Verl, kumathero kwenikweni kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa kale.

"Wanena yekha Verl," anatero Mayi DeAnn akupukuta kauntala. "Damu likapanda kudzaza, ng'ombe zonse agulitsa. Mwana wake wamkazi ndi kamtsikana kaja apita kwa achibale kumzinda wa Salt Lake."

Buledi anandipulumuka m'manja. Ndinamutola, ndinalipira, ndinatuluka. Nkhani imeneyo sindinauze munthu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chibadwire changa.

2. Mbaula ya pachitunda

Kuseri kwa khola lathu kuli chitunda, ndipo pachitundapo pali chinthu chimene ife timangochitcha mbaula. Ndi thanki ya gasi, kathanki kena ka mankhwala, ndi chumuni yachitsulo yotalika ngati adadi. Anadzaiika ndi anthu a ku yunivesite amene akufufuza za mitambo. Anasankha malo athu chifukwa mphepo ya kumadzulo ikadutsa pamenepo imalunjika ku Baldy.

Mkulu wawo ndi Mayi Okada, mayi wamfupi woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Tsiku lobweretsa mbaula anakhala m'khitchini mwathu akudya mabisiketi a amayi, ine ndikuwapanikiza ndi mafunso mpaka amayi anandiponda phazi pansi pa tebulo.

"Musiyeni afunse," anatero Mayi Okada. "Taona, Shaylee. Mphepo imachokera kunyanja yaikulu itasenza chinyezi. Ikafika paphiri imasowa podzera, ndiye imakwera. Ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka timadontho tating'onoting'ono. Ndiwo mtambo umene umauona utakhala pamutu pa Baldy ngati chipewa.

"Tsono chodabwitsa nachi. Timadontho timeneti timazizira kupitirira pamene madzi a m'chidebe amaundanira, koma osaundana. Timafuna poyambira, kafumbi kakang'ono kofanana ndi ayezi. Kadontho kamodzi kakangoundana kamayamba kukoka chinyezi cha tinzake, kamamera timikono, kamalemera, kenako kamagwa. Ndicho chipale. Koma mtambo ukasowa poyambira umawoloka phiri, umatsikira mbali inayo, umafunda, n'kuzimiririka. Madzi onse aja apita."

"Ndiye mbaulayi ichita chiyani?"

"Imawotcha mankhwala okhala ndi siliva pang'ono. Utsi wake suoneka, koma muli tifumbi tosawerengeka, ndipo mphepo imatikweza kumtambo. Ife sitipanga mitambo. Kumwamba kukakhala koyera, ngakhale tiyatse tsiku lonse, palibe chingagwe. Timangothandiza mtambo umene uli kale ndi madzi. Ndinene kuti mwina timathandiza. Ngati zilidi choncho, komanso mochuluka bwanji, n'zimene tabwera kudzafufuza."

Kenako anatembenukira kwa adadi.

"A Dallin, chovuta chilipo chimodzi. Mtambo wabwino ukamabwera, kompyuta yathu imachita maere. Wina timauyatsira, wina timausiya dala. Yonse timaiyeza ndi ndege, ndipo timakatapa chipale paphiri kuti tione ngati muli siliva. Tikamayatsira uliwonse, tidzafanizira ndi chiyani? Lidzafika tsiku limene mtima udzakuwawani. Koma ndikadzati musayatse, musadzayatse."

Adadi anawagwira chanza. Kwathu kuno kusaina n'kumeneko.

3. Loweruka

Loweruka lina tinadzuka mphepo itatembenuka. Kumadzulo kunali bii. Ng'ombe zinaunjikana kuseri kwa khola, ndipo bondo la amayi linkawawa, bondo lolosera nyengo limene silinama ngati wailesi.

Adadi ndi amayi ankapita kutsidya kwa phiri kukagula udzu, kumene foni sigwira. Adadi anandiitana ali pachitseko cha lole, injini ikulira.

"Tamvera, mwana iwe, ndipo pakamwapo utseke kaye. Foni ikalira ndi Mayi Okada. Akati yatsani, ukayatse monga ndinakuphunzitsira, mosapupuluma, mphepo ili kumsana kwako. Gasi alibe chibale. Akati musayatse, pachitundapo usakafike n'komwe.

"Ndikudziwa zimene umamva kusitolo. Anthu ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha amafuna wina woti amuloze chala. Ine ndili mwana kunagwa chilala ngati chino. Munthu wina, wa mtima wabwino ndithu, anatsegula chipata cha ngalande tsiku lomwe silinali lake, pofuna kupulumutsa munda wa mlamu wake wodwala. Mawa lake mnansi wake anatsegula naye. Posakhalitsa aliyense ankatsegula mmene wafunira, madzi osakwanira aliyense, ndipo mabanja ena mpaka lero sapatsana moni. Chifundo chinapha nkhwali. Mbaula ija si yathu, koma mawu amene ndinapereka ndi athu, a tonse a m'nyumba muno. Ng'ombe zikatha timagula zina. Mawu sagulitsa kwa DeAnn. Wamva?"

"Ndamva, adadi."

"Wamva ndi makutu amiseche aja kapena enawo?"

"Onse, adadi."

Foni inalira ndikutsuka mbale.

"Shaylee? Adadi achoka? Chabwino, uwauze akabwera. Mtambo wa lero ndi wokongola, wotere sitinauonepo chaka chino. Koma maere agwera kwina. Lero musayatse."

"Aa, Mayi Okada! Bwanji osachitanso maerewo kachiwiri? Palibetu akukuonani."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sanakondwe. "Nanenso ndalakalaka, mwana wanga. Koma maere obwereza si maere. Ndege yanyamuka kale. Musayatse."

Ndisanaumitse manja ndinamva ziboda panja. Anali Kenna pa hatchi yawo yofiira, masaya ali psuu ndi mphepo.

"Iwe, wauona? Wauona mtambowo?" anakuwa asanatsike n'komwe. "Agogo akuti uwu ukapita chabe, palibenso wina. Tiye tikayatse!"

"Anena kuti tisayatse."

"Ndani?"

"Mayi Okada. Maere agwera kwina."

Kenna anandiyang'ana ngati ndamera nyanga. "Maere? Akutchova juga ndi madzi athu?" Anakoka zingwe, hatchi n'kutembenuka. "Khala ndi mbale zakozo. Ndikayatsa ndekha."

Ndinatola jekete n'kumuthamangira. Anandikweza kumbuyo kwake.

4. Zotsegulira zitatu

Pachitunda mphepo inkafuna kutivula zipewa. Mtambo unali utafika kale pa Baldy, wonenepa, wotuwa kunsi, ukukwawa kukwera phiri. Penapake m'kati mwake kandege ka Mayi Okada kankalira, kosaoneka.

Kenna anagwada pa mbaula n'kuvula magolovesi ndi mano. Mbaula ili ndi zotsegulira zitatu ndi batani lothethetsa moto. Ukayamba ndi cholakwika, mankhwala amangotayikira pansi, apo ayi gasi amakuwaula nsidze. Kenna anali atandionapo ndikuyatsa ndi adadi, koma tsiku limenelo tinkalongolola za mnyamata watsopano wa m'kalasi mwathu, ndiye sanaone kalikonse.

"Ndiyambe chiti?"

Ndinalowetsa manja m'thumba.

"Shaylee, ndiyambe chiti? Sindikuti uyatse iweyo. Manja ako akhale m'thumba momwemo. Ungondiuza basi. Iwe umauza anthu chilichonse! Unauza sukulu yonse kuti aphunzitsi a masewera amapaka tsitsi utoto. Lero pakamwapo pamatidwa ndi chiyani?"

"Adziwa, Kenna. Amakatapa chipale paphiri. Akapezamo siliva adziwa kuti ndi ife."

"Adziwe! Atimanga? Mayi Okada akowo madzi amangotsegula pampopi ku tauni. Alibe ng'ombe ngakhale ya pachithunzi."

"Mitambo yabwino chaka chino yachepa. Tikasokoneza uwu asowa chofanizira. Ndiye a komiti yoyang'anira madzi a m'damu lathu sadzadziwa ngati mbaula zimathandiza, ndipo sadzaika zina kumtunda kwa damu. Zikanathandiza aliyense, ndi inu nomwe, zaka zonse."

"Zaka zonse!" Kenna anaimirira, mawondo ali matope. "Ine ndilibe zaka zonse, amwali. Ndili ndi mtambo uwu basi. Tikupita ku Salt Lake. Sindinakuuze chifukwa ndinkaopa kuti ufalitsa."

"Ndinamva kale kwa Mayi DeAnn."

"Liti?"

"Kalekale."

"Osauza munthu? Iweyo?"

"Ngakhale amayi."

Kenna anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. Ndinkayesa aseka. Koma anandigwira dzanja, zala zake zili zii ngati chitsulo.

"Ndiye ukudziwa. Kumeneko tikakhala m'chipinda chimodzi ndi amayi, pamwamba pa galaja ya azakhali. Hatchi iyi aigulitsa. Chonde, mnzanga, liwu limodzi lokha. Chakumanzere, chapakati, kapena chakumanja?"

Liwulo linali pansonga pa lilime. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere.

"Sindinena," ndinatero. "Adadi anapereka mawu. Ukafuna kuyesa wekha, yesa, koma ine ndikhala pomwepa. Ukawauka, tiwaukira limodzi."

Ndinakhala pansi n'kutsamira thanki ya gasi. Kuzizira kwake kunalowa mpaka m'mafupa.

Kenna anatambasula dzanja n'kugwira chotsegulira chapakati. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga kuti nkhope isandiulule. Mphepo inkaliza chumuni ngati munthu akuuzira m'botolo.

Anasiya. Anavala magolovesi pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Khala nayo mbaula yakoyo," anatero. "Izikuluka tsitsi."

Anakwera hatchi n'kutsetsereka osacheuka. Ine ndinatsika wapansi. Ndili pakati pa njira chipale chinayamba. Kachipale kamodzi kanatera pamkono pa jekete langa, ndipo timikono take ndinationa bwinobwino kasanasungunuke.

5. Chipale chopyapyala

Chinagwa masana onse, koma chopyapyala ngati ufa wowaza pa tebulo. Bwalo linayera. Pa Baldy timawanga tija tinalumikizana. Koma tchire la m'munsi mwa phiri linkaonekabe mitu.

Adadi atangotsika mu lole ndinawauza zonse, kuyambira pa foni mpaka pa magolovesi. Sanandidule. Nditamaliza anavula chipewa n'kuyang'ana phiri nthawi yaitali.

"Ndinati usakafikeko," anatero. "Koma ukanamusiya yekha mwana uja ndi gasi, bwenzi tikunena zina. Tsono tamvera. Ukanayatsa, mwina chikanagwa chambiri. Mwinanso ayi. Palibe angakuuze, ngakhale Mayi Okada amene, ndipo katundu ameneyo umusenza ndithu. Usayembekezere kuti anthu akuthokoza. Usayembekezerenso kuti mtima ukhala m'malo lero lomwe. Ndipo Kenna usamude. Munthu amene nyumba yake ikupsa sasankha mawu. Mkwiyo wake uusiye uphwe wokha, usauthire miseche."

Madzulo omwewo adadi anatsitsa mabelo ena a udzu n'kukawasiya pachipata cha a Verl. Mawa lake popita kutchalitchi tinapeza mabelowo atabwezedwa pachipata chathu, atawasanja bwinobwino.

Mapemphero atatha, azimayi anali ataima kagulu pakhonde. Nditayandikira onse anangoti zii, wina n'kuyamba kuyamikira nsapato za mnzake. Kukhala chete kumeneko ndimakudziwa bwino. N'kumene ine ndimachita mwini nkhani akatulukira mwadzidzidzi.

Komabe makutu anga sanapite patchuthi. Ndinatolako ndithu. Ati a Dallin amanga chipale. Ati alandira kanthu kwa anthu a kutsidya kuti mtambo uwoloke ukagwere kwawo. Ati kamwana kawo kolongolola kaja kanakhalira thanki ngati nkhuku pamazira.

Yomalizayo inali yoona, koma inandipweteka kuposa zonse, chifukwa pachitunda paja tinali awiri okha, ine ndi Kenna.

6. M'basi

Lolemba m'mawa basi ya sukulu inaima pachipata chathu. Kenna amakwera ine ndisanakwere, ndipo ndinamuona atakhala kumbuyo ndi atsikana ena, maso ali pa windo. Ndinakhala ndekha kutsogolo, kumbuyo kwa a Orrin, oyendetsa basi.

"Lero kwagwanji?" anatero a Orrin akundiyang'ana pagalasi. "Wailesi yathu yatha mabatire?"

Ndinatembenukira ku windo. Basi inanyamuka, inadutsa khola lathu, inayamba kutsika. Titakhota pa mitengo ya m'mbali mwa ngalande ndinamva wina akukhala pampando wa kumbuyo kwanga. Anandikoka tsitsi pang'ono.

"Usacheuke," ananong'ona Kenna. "Sindinakukhululukire."

"Chabwino."

"Wogula ng'ombe akubwera Lachinayi. Agogo amuimbira dzulo."

Ndinakumbatira chikwama changa. "Kenna, pepa."

"Pepa wakoyo sakama mkaka. Tamvera. Amalume Rulon."

A Rulon ndi mchimwene wa amayi ake a Kenna, munthu wa mtima wapachala amene anathyolapo chitseko cha lole yake yomwe chifukwa inakana kulira.

"Ndawaona m'mawa uno akukweza tcheni pa thirakitala," anapitiriza Kenna. "Ndawamvanso. Akuti mbaula yosayaka ilibe ntchito pachitunda, akaikokera kuphedi. Amangodikira basi idutse, adadi ako apite kumunsi kodyetsa ng'ombe."

Ndinacheuka ngakhale anandiletsa. "Kenna, thanki ija ndi yodzaza gasi! Ikagubuduka iwaphulikira!"

"Nanga ukuganiza ndikukuuzira chiyani, chitsiru iwe?" Maso ake anali ofiira. "Ine ndawaletsa, andiuza kuti ndine mwana. Foni pano sigwira mpaka pamlatho. Loweruka unandionetsa kuti umatha kutseka pakamwa. Lero tsegula."

Ndinaimirira, chikwama n'kugwa, mabuku mbwee pansi.

"A Orrin, imani! Imitsani basi!"

"Khala pansi, Shaylee. Misecheyo ukamalizira kusukulu."

"Si miseche, a Orrin! Taonani pagalasi lanu, kuchitunda kwathu!"

A Orrin anayang'ana. Basi yonse inatembenuka, ana akukanikizana pa mawindo. Kuseri kwa khola lathu, panjira yokwera kuchitunda, kautsi kakuda ka thirakitala kankatuluka pang'onopang'ono, ndipo kanali katadutsa kale theka la njira.

A Orrin anaponda mabuleki mpaka tonse tinagundana mitu. Chitseko chisanatseguke chonse ndinali nditadumpha kale. Nditayamba kuthamanga ndinamva mapazi ena akuponda chipale kumbuyo kwanga, ndi mawu a Kenna akukuwa kuti ndisadzere mumsewu, tidutse m'ngalande youma.